Amuna awiri otopa ndi citsitsimutso ca ku Gahini

Mu mzinda wa Kampala, ku Uganda, muli manda a mphunzitsi wina dzina lake Blasio Kigozi, amene anamwalira mu Januwale 1936 akali wacinyamata. Pa mwala wa manda ake panalembedwa liwu la Ciganda lakuti Zukuka. Ife olankhula Cinyanja sitifuna womasulira, pakuti ndi liwu lomwe lija limene mayi amauza mwana wogonereza dzuwa litakwera kale: dzuka. Liwulo analilembera amoyo, anthu obatizidwa, oimba kwaya ndi opereka copereka, amene anali kupezeka m'chalichi pa Sondo paliponse koma mitima yawo ili mtulo.

Ndinayamba kufufuza mbiri imeneyi cifukwa ca uthenga umene unabwera pa foni ya ku wailesi kumene ndimathandizako pa pulogilamu ya mapemphero. Mayi wina, amene sanachule dzina lake, analemba kuti wakhala mu mpingo zaka zambiri ndipo saphonya msonkhano wa azimayi, koma masiku ano akagwada kuti apemphere amamva ngati akulankhula ndi cipupa. Sanapemphe kuti timupempherere za ndalama kapena za matenda. Anangofunsa ngati munthu wotopa conco angadzukenso. Tinamuwerengera vesi, tinamuikira nyimbo, nthawi ya pulogilamu inatha, ndipo ine ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti sitinamuyankhe. Patapita masiku ndinapeza kuti funso lakelo linafunsidwapo kale ndi amuna awiri, Mganda ndi Mngelezi, ndipo zimene zinatsatira zinasintha mipingo ya kum'mawa kwa Africa.

Cikhristu cinalowa mu ufumu wa Buganda ndi mwazi. Amishonale a Anglican a bungwe la Church Missionary Society anafika mu 1877, Akatolika anatsatira mu 1879, ndipo pasanathe zaka 10 mfumu Mwanga inayamba kupha anyamata a kunyumba yacifumu amene anagwiritsitsa cikhulupiriro catsopanoco. Pa 3 Juni 1886 gulu lalikulu la iwo linatenthedwa ku Namugongo. Amene amakumbukiridwa lero onse pamodzi ndi 45, Akatolika 22 ndi a Anglican 23. Masiku amenewo wopempha ubatizo anali kudziwa kuti mwina akudzikumbira yekha manda.

Patapita zaka 40 zinthu zinali zitatembenuka. Pangano la mu 1900 pakati pa Britain ndi Buganda linagawira mafumu malo aakulu, ndipo ambiri mwa mafumu akuluakulu anali a Anglican. Masukulu abwino anali a mishoni. Wofuna ukalaliki m'boma, wofuna udindo kwa mfumu, wofuna ukwati wolemekezeka, onse njira yawo inali kudzera pa ubatizo. Pa phiri la Namirembe panaima chalichi cacikulu ca njerwa cimene cinatsegulidwa mu 1919, ndipo anthu anali kudzaza. Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Amuna ambiri okwatira m'chalichi anali ndi akazi ena kumbali, zithumwa zinali kubisala pansi pa malaya a pa Sondo, ndipo amishonale ambiri anali kukhala patali ndi anthu amene anali kuwachula abale pa guwa. Palibe amene anali kuzunza mpingo umenewu. Unangozizira wokha, monga nsima yoiwalika m'mbale.

Mmodzi mwa amene kuziziraku kunali kuwasowetsa mtendere anali Simeoni Nsibambi, mkulu wake wa Blasio Kigozi. Iye anabadwa mu 1897, mwana wa mfumu. Anaphunzira pa King's College Budo, sukulu ya ana a akuluakulu, anatumikira m'gulu la azaumoyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo pambuyo pake anapeza nchito yabwino yoyang'anira zaumoyo m'boma la Buganda. Anali kufunitsitsa kukaphunzira kunja koma mwayi unamuphonya, ndipo kukhumudwa kumeneko kunamukankhira ku Baibulo ndi ku pemphero kuyambira mu 1922. Kwa anthu anali Mkhristu wa citsanzo. Iye mwini anali kumva kuti cinacake cikusoweka mwa iye ndiponso mu mpingo wonse, koma sanali kudziwa dzina lake.

Winayo anali dokota wacinyamata wocokera ku England, John Edward Church, amene onse anali kumuchula Joe Church. Anaphunzira ku Cambridge, ndipo anatumizidwa ku Gahini, mishoni yatsopano ya kum'mawa kwa Rwanda pafupi ndi nyanja ya Muhazi. Nthawi imeneyo dziko la Rwanda linali m'manja mwa Belgium. Atangoyamba nchito kunagwa njala yoopsa ya mu 1928 ndi 1929, imene Anyarwanda amaichula Rwakayihura. Anthu miyandamiyanda anasiya midzi yawo kulowera ku Uganda kukafuna cakudya, ndipo njira yawo inali kudutsa pa Gahini. Dokotayo anali kudzuka m'mawa ndi kupeza mitembo pafupi ndi mishoni. Anagawa cakudya, anatsuka zilonda, analemba makalata ku Ulaya kupempha thandizo, koma anthu anapitiriza kufa. Pofika mu 1929 thupi lake linali litatha ndipo mtima wake unali utauma. Iye amene anabwera kudzaphunzitsa ena za Mulungu anapeza kuti nkhokwe yake yomwe ilibe kanthu.

Mu Sepitembala 1929 Church anapita ku Kampala kukapuma. Pa phiri la Namirembe anakumana ndi Nsibambi, amene anali atamumvapo akulankhula pa kagulu kena kophunzira Baibulo. Nsibambi anamuuza za njala ya mumtima mwake, nayenso Church sanabise kuti wauma. Anakhala pansi masiku awiri ndi Baibulo la Scofield, limene lili ndi mavesi olozerana m'mbali, ndipo anatsata mavesi onena za Mzimu Woyera kucokera kwina kupita kwina, akuwerenga ndi kupemphera. Panalibe khamu, panalibe ng'oma, panalibe mlaliki wochuka. Onse awiri anacitira umboni moyo wawo wonse kuti pamenepo Mulungu anawakhudza ndi kuwadzaza mwatsopano.

Wolemba mbiri alibe sikelo yopimira Mzimu. Cimene angathe kuona ndi mapazi amene atsala pa dothi, ndipo mapazi oyamba anaoneka msanga. Nsibambi anasiya nchito yake ya boma nayamba kuyenda m'misewu ya Kampala kulankhula ndi aliyense za kulapa, kufikira ena anayamba kunena kuti mutu wake wasokonezeka ndipo anaimba mlandu Church. Palinso cinthu cina cimene ife a lero tingaciphonye. M'caka ca 1929, pansi pa ulamuliro wa atsamunda, mzungu wophunzira anakhala pansi ndi munthu wakuda, osati monga bwana kapena mphunzitsi, koma monga wodwala mnzake. Ubale umenewo ndiwo unakhala mbewu ya zonse zimene zinadza pambuyo.

Mbewuyo sinamere tsiku limodzi. Church anabwerera ku Gahini napeza cipatala cikali ndi mikangano yake yakale. Mkulu wa othandiza dokota, Yosiya Kinuka, sanali kugwirizana naye, ndipo anali pafupi kusiya nchito. Church anamupempha kuti apite ku Kampala akaceze ndi Nsibambi. Kinuka anafika ndi mtolo wa madandaulo onena za cipatala ndi za mzungu wake, koma Nsibambi anamulozera ku mtima wake womwe. Mawuwo anamutsata ulendo wonse wobwerera. Atafika ku Gahini anaulula cidani cimene anali kusunga, nayamba kukonza zimene anali atalakwa. Church nayenso anaphunzira kupepesa kwa anchito ake pa kupsa mtima ndi kudzikuza kwake, cinthu cimene azungu anzake ambiri sanacimvetse.

Blasio Kigozi anali atapita kale ku Gahini monga mphunzitsi. Iye anali wa moto, ndipo kulalikira kwake kosapsatira mawu kunamupezera adani pakati pa aphunzitsi anzake. Atatopa ndi kutsutsidwa ndiponso poona kuti mawu ake sakubala kanthu, anadzitsekera m'nyumba sabata yathunthu akupemphera ndi kuwerenga. Anatuluka wosinthika, wofatsa kuposa kale koma wosaopa. Iye, Kinuka ndi Church anayamba kukumana m'mamawa kupemphera pamodzi ndi kuuzana zoona za mitima yawo.

Mu Disembala 1933 kunacitika msonkhano wa aphunzitsi ndi alaliki ku Gahini. Masiku anapita ndi maphunziro a za ucimo, kulapa, kubadwanso ndi Mzimu Woyera, ndipo sipanaoneke kusintha kulikonse. Pa pemphero lotsekera anthu anayamba mwa masiku onse, mapemphero aatali a mawu okoma. Kenaka munthu mmodzi anaimirira, nasiya mawu okomawo, naulula poyera chimo lake lenileni. Atakhala pansi anaimirira wina, kenaka winanso, ndipo zinapitirira maola angapo, ena akulira, ena akusangalala ngati munthu amene watula katundu wolemera. Kucokera pa kukumana kwa pa Namirembe kufika tsiku limeneli panali patapita zaka zinayi.

Anyarwanda anawachula anthu amenewa Abaka, kutanthauza oyaka moto. Ku Uganda anawachula Balokole, opulumutsidwa, dzina limene poyamba linali lonyoza koma linakakamira. Iwo okha anali kuitanana abale. Ciphunzitso cawo sicinali catsopano, cinali ca m'katekisimu yemwe uja amene aliyense analoweza pokonzekera ubatizo. Catsopano cinali cakuti anacitenga ngati coona. Pa kalata yoyamba ya Yohane anatengapo cizolowezi cimene anali kucichula kuyenda m'kuunika: kukumana kawirikawiri m'timagulu, kuwerenga Baibulo, ndi kuuzana poyera pamene munthu wagwa, osadikira kuti agwidwe. Wina akamaliza umboni wake, onse anali kuyankha ndi nyimbo yawo yodziwika ndi dzina lakuti Tukutendereza, imene mpaka lero imaimbidwa m'maiko onse a kumeneko.

Cimene cinadabwitsa anthu akunja kwambiri cinali kubweza. Munthu akalapa za kuba sanali kuthera pa misozi. Anali kunyamula khasu limene anabisa zaka zapitazo ndi kukalipereka kwa mwini wake. Ndalama zinabwerera ku masitolo, katundu anabwerera ku zipatala ndi ku masukulu a mishoni, ndipo ena anapita okha ku maofesi a boma kukaulula zimene palibe anali kuzidziwa. Mwamuna anali kupepesa kwa mkazi wake pamaso pa anthu, m'dziko limene zotere zinali zocititsa manyazi. Akazi anayamba kuimirira m'misonkhano ndi kucitira umboni. Ahutu ndi Atutsi, amene mwambo unali kuwalekanitsa pa cakudya, anadyera m'mbale imodzi, ndipo ku Ankole zinacitikanso cimodzimodzi pakati pa oweta ng'ombe ndi olima. Magulu a alaliki anali osakaniza akuda ndi azungu, ndipo anali kupewa dala kukweza munthu mmodzi kukhala mwini wa citsitsimutso.

Zozizwitsa nazonso zinalipo. Mu 1936 ku Gahini ndi ku madera a Kigezi anthu anali kulota maloto owaopseza za macimo awo, ena anali kunjenjemera ndi kugwa pansi, ena kuimba usiku wonse. Atsogoleri sanakane kuti Mulungu angalankhule m'maloto, koma sanalole kuti zimenezi zikhale pakati pa bwalo. Funso lawo kwa wolota linali lakuti walapa ciani ndipo wakonza ciani. Sanalonjeze munthu cuma kapena kukwezedwa pa nchito. Ambiri amene analowa m'gululi anayamba ndi kutaya, pakuti kubweza kumacepetsa katundu m'nyumba.

Mu 1935 gulu la Church, Nsibambi, Kigozi ndi Kinuka linacititsa msonkhano waukulu ku Kabale, kum'mwera kwa Uganda, ndipo moto unagwira dera lonselo. Blasio anakonzekera kukalankhula ku sinodi ya mpingo wa Anglican ku Kampala. Anali ndi mafunso atatu. Loyamba linali kufuna kudziwa cimene cacititsa kuti mpingo wa Uganda uzizire ndi kufa. Laciwiri linali lokhudza anthu amene akukhala m'chimo lodziwika kwa onse koma akuloledwa ku Mgonero. Lacitatu linali kufunsa coyenera kucita kuti mpingo utsitsimuke. Asanafike pa sinodi anadwala malungo obwera ndi nkhufi, ndipo anamwalirira ku Kampala. Mafunso ake anamveka iye atagona kale, ndipo liwu lija la pa manda ake linakhala mfuu ya gulu lonse. M'zaka zocepa citsitsimutso cinafika ku Burundi, ku Kenya ndi ku Tanganyika, ndipo cinadumpha malire a mipingo kulowa mwa a Presbyterian, a Methodist, a Lutheran ndi a Mennonite.

Walira mvula walira matope. Bishopu Cyril Stuart wa ku Uganda anali kufuna citsitsimutso, ndipo iye mwini anaitana Church ndi anzake kuti athandize pokonzekera cikondwerero ca zaka 60 za mpingo mu 1937. Koma cimene cinabwera cinali cakuthwa kuposa cimene anayembekezera. Abale anali kuimirira panja pa chalichi mapemphero atatha ndi kuuza anthu, abusa omwe, kuti ubatizo wokha sunawapulumutse. Abusa okalamba, amene ena a iwo anatumikira zaka zambiri pa malipiro ocepa, anamva kuwawa kuuzidwa ndi anyamata kuti sanabadwenso. Kunena zoona, si onse a Balokole amene anali kulankhula mwa cikondi.

Mkangano unafika pacimake mu 1941 pa Bishop Tucker College ku Mukono, sukulu yophunzitsa abusa, pamalo pamene lero pali Uganda Christian University. Ophunzira a citsitsimutso, motsogozedwa ndi William Nagenda amene anasiya ukalaliki wa boma kuti atumikire Mulungu, anali kudzuka 4 koloko m'mamawa kukapemphera ndipo anali kudzudzula poyera macimo a pasukulupo. Akuluakulu a sukulu analetsa misonkhanoyo. Ophunzirawo anakana kumvera, ponena kuti lamulo la munthu silingaletse pemphero, ndipo oposa 20 anacotsedwa, ena atatsala pang'ono kumaliza. Nagenda sanadzozedwe ubusa moyo wake wonse.

Apa ndi pamene mbiri imeneyi isiyana ndi zambiri zimene tazolowera. Anthu ocotsedwa mopanda cilungamo, okhala ndi otsatira zikwizikwi, anali ndi zifukwa zonse zoyambitsira mpingo wawo. Sanatero. Anapitiriza kupita ku chalichi comweco, kukhala pansi pa abusa omwewo, ndi kucita misonkhano yawo ya ciyanjano pambali. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Bishopu Stuart nayenso, ngakhale anakwiyitsidwa kambiri, sanatseke citseko. Pang'ono ndi pang'ono ana a citsitsimutso analowa mu ubusa, ndipo mu 1966, patapita zaka 25 cicokereni ophunzira aja ku Mukono, Erica Sabiti, mmodzi wa Balokole, anakhala munthu wakuda woyamba kukhala bishopu wamkulu wa mpingowo. Nagenda yemwe uja anayenda ndi Church kukalalikira ku Ulaya ndi ku America, kudzutsa mipingo ya kwawo kwa amishonale.

Moto weniweni umadziwika mphepo ikaomba. Ku Kenya, boma la atsamunda litalengeza za ngozi mu Okutobala 1952, ankhondo a Mau Mau anali kulumbiritsa Akikuyu lumbiro la mwazi wa mbuzi. Nkhondo yawo inali ya malo amene azungu analanda, ndipo dandaulo limenelo linali loona. Koma abale a citsitsimutso anakana lumbirolo, ponena kuti amene wamwa cikho ca Khristu sangamwenso mwazi wina. Ambiri a iwo anakananso kunyamula mfuti kumbali ya boma. Motero mbali zonse ziwiri zinawakayikira, ndipo ena anaphedwa. Pamene machalichi ambiri a m'dera la Akikuyu anatsala opanda anthu, timagulu ta abale tinapitiriza kukumana.

Ku Uganda mayeso anadza ndi Idi Amin. Janani Luwum anali mphunzitsi wa ku Acholi, kumpoto kwa dzikolo, amene anatembenuka mtima mu Januwale 1948 atamva ulaliki wa Balokole. Mu 1974 anakhala bishopu wamkulu. Anthu atayamba kusowa usiku, akazi amasiye anali kubwera kwa iye, ndipo iye anali kupita ku maofesi a boma kukafunsa kumene amuna awo ali. Mu Febuluwale 1977 iye ndi mabishopu anzake analembera Amin kalata yodzudzula kuphana kumeneko. Pa 16 Febuluwale anagwidwa pamodzi ndi nduna ziwiri za boma, Erinayo Oryema ndi Charles Oboth Ofumbi, ndipo m'mawa mwake boma linalengeza kuti afa pa ngozi ya galimoto. Thupi la Luwum linali ndi mabala a zipolopolo. Bishopu Festo Kivengere wa ku Kigezi, mwana winanso wa citsitsimutso, anathawa usiku kudutsa mapiri kulowa mu Rwanda, ndipo caka comweco anatulutsa kabuku kochedwa I Love Idi Amin, kofotokoza nkhondo ya mumtima mwake kuti akhululukire wakupha mnzake. Lero 16 Febuluwale ndi tsiku la chuti ku Uganda.

Ndikanama ndikaima pamenepa. Citsitsimutso cimeneci cinali ndi zilonda zake. Kuulula poyera nthawi zina kunavulaza anthu osalakwa, pakuti woulula cigololo anali kuchula ndi dzina la mnzake, ndipo mabanja ena anasweka. Umboni umene poyamba unali kutuluka ndi misozi unasanduka mwambo, mawu omwewo obwerezedwa sabata ndi sabata. Kunabwera malamulo a kabvalidwe, a tsitsi ndi a zokongoletsa, ndipo ena anayamba kuyeza cipulumutso ca mnzawo ndi maso. Ku Kenya gulu lina la Aluo linacoka mu Anglican mu 1958 motsogozedwa ndi Matthew Ajuoga. Ku Uganda, ca m'ma 1970, abale anagawikana, ndipo gulu lokhwimitsa malamulo linadzicha Bazukufu, odzuka, dzina locokera ku liwu lomwe lija la pa manda a Blasio. Odzutsa anzawo anafika poonana okha ngati ogona.

Cilonda cacikulu koposa ndi Rwanda. Dziko limene citsitsimutso cinayambira ndilo linaona kuphedwa kwa anthu pafupifupi 800,000, ambiri a iwo Atutsi, m'masiku 100 a mu 1994, ndipo ngakhale pa cipatala ca Gahini anthu anaphedwa. Alipo abale amene anabisa anansi awo ndi amene anafa cifukwa cokana kupatukana ndi anzawo a mtundu wina. Koma alipo obatizidwa ambirimbiri amene ananyamula zikwanje, ndipo atsogoleri ena a mipingo anakhala cete kapena anaima ndi boma. Akhristu a kumeneko akhala akudzifunsa cifukwa cake. Yankho limodzi limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti citsitsimutso cinaphunzitsa anthu kulapa za khasu lobedwa ndi za mkwiyo wa m'nyumba, koma cinawauza kuti ndale ndi za dziko, ndipo cinawaphunzitsa kumvera olamulira popanda kufunsa. Macimo a munthu mmodzi anaululidwa, koma chimo la mtundu wonse linakula mumdima. Luwum anaonetsa kuti mwana wa citsitsimutso angathe kuima pamaso pa wolamulira, koma si onse anaphunzira phunziro limenelo. Ndiponso moto wa makolo sutenthetsa adzukulu ngati iwo sasonkhezera nkhuni zawo.

Kuno kwathu dziko linalengezedwa kukhala la Cikhristu pa 29 Disembala 1991, ndipo machalichi athu amadzaza kuposa a ku Buganda a m'ma 1920. Mapemphero a usiku wonse sasowa, zokuzira mawu zimalira m'komboni iliyonse, ndipo pafupifupi msonkhano uliwonse wa pa tenti umachedwa citsitsimutso. Sindikuweruza mpingo wa wina aliyense, pakuti inenso ndili m'gulu lomwelo. Koma mbiri ya ku Gahini yandipatsa muyeso umene sindingathe kuuiwala. Msonkhano ukatha, kodi pali ngongole imene yabwezedwa? Kodi pali mpongozi amene wapepesedwa, kapena wanchito amene walandira malipiro ake amene anabedwa? Ngati palibe, mwina tinangosangalala, ndipo kusangalala kumatha Mande m'mawa.

Ngati mayi uja angawerenge nkhani ino, ndilibe mankhwala oti ndimupatse, pakuti Mzimu salamulidwa ndi munthu, ndipo Nsibambi ndi Church sanaupange okha. Ndingomuuza zimene ndaona m'mbiri. Kutopa kwake si cizindikiro cakuti Mulungu wamutaya, popeza citsitsimutso cacikulu ca kum'mawa kwa Africa cinayamba ndi anthu awiri amene anafika pamene iye wafika. Cimene anacita cinali kuleka kudzionetsa olimba. Aliyense anapeza munthu mmodzi womuuza zoona, anatsegula Baibulo pamodzi, napempha. Pambuyo pake anadikira zaka zinayi, akukonza zing'onozing'ono zimene zinali pafupi nawo, asanaone khamu likusweka mtima.

Ndipo kudzuka kwa mtima sikutanthauza kuti thupi lidzathamanga. Mu 1941, caka comwe cija ca mkangano wa ku Mukono, Simeoni Nsibambi anadwala, ndipo kuyambira pamenepo sanathenso kuyenda maulendo a ulaliki. Anakhala panyumba pake pa Bulange, pafupi ndi Namirembe, kufikira imfa yake mu 1978. Ena anali kuyenda maiko akutali ndi kulankhula kwa makamu, iye ali m'cipinda. Koma zaka zonsezo anthu anali kubwera kwa iye mmodzimmodzi, aphunzitsi, abusa, mabishopu ndi amayi a m'midzi, aliyense ndi kutopa kwake, ndipo wodwalayo anali kuwamvetsera, kutsegula nawo Baibulo ndi kupemphera nawo, monga m'mene iye anakhalira pansi ndi dokota wotopa uja mu 1929.